Inu oweta njoka za boa, lekani kuzisanzitsa

Loweruka lapitali mnyamata wina wa kuno ku Chinamwali, mwana wa mnzanga amene timapemphera naye mpingo umodzi, anadyetsa njoka yake ya boa khoswe wamkulu, ndipo kutacha anaitulutsa m'bokosi n'kuikoleka m'khosi kuti anzake amujambule zithunzi zoika pa Facebook. Dzuwa lisanafike pamutu njokayo inasanza khoswe uja wathunthu, fungo lake n'kudzaza nyumba yonse. Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti Lolemba anaiponyeranso khoswe wina, ati poopa kuti ifa ndi njala. Njala yanji pa nyama imene imatha milungu ingapo osalawa kanthu?

Ana anga, kodi inuyo mutakhuta nsima, wina n'kukunyamulani ndi kumakupindapinda, m'mimba mwanu mungakhale bata? Boa ikadya imafuna maola 48 osagwidwa ndiponso osasunthidwa, koma inu mumaipatsirana m'manja ngati mwana wakhanda, mumagogoda galasi lake, mumaitulutsira mlendo aliyense amene waponda pakhomo. Khoswe woyenera sayenera kunenepa kuposa pakati pa thupi la njokayo. Nanga chimkhoswe chija munachisankha kuti mudabwitse ndani?

Kwawo kwa njoka imeneyi ndi ku Central America ndi South America, ndipo thupi lake silidzifunditsa lokha. Kuti igaye chakudya, mbali imodzi ya bokosi iyenera kufunda madigiri 30 mpaka 32. Kuno ku Zomba, mu June ndi July chiperoni chikakuta phiri, anthufe timagona ndi mabulangete awiri, koma bokosi la njoka mumalisiya pasimenti pafupi ndi zenera, ndipo magetsi akazima usiku palibe amene amadzuka kukaikamo ngakhale botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Khosweyo amayamba kuwolera m'mimba, ndiye mukuti njokayo itani?

Ikasanza, kummero kwake kumakhala kutapsa ndi asidi, ndipo m'mimba mumakhala mutatha mphamvu zogayira. Chotsani masanziwo, itungireni madzi oyera, konzani kafundidwe ka bokosi, kenako muisiye masiku 14 osaidyetsa kalikonse. Masiku amenewa akakwana muipatse khoswe wochepa, theka la uja inasanza. Mukafulumira isanzanso, ndipo boa yosanza kawirikawiri imawonda mukuiona mpaka kufa. Ikabwereza ngakhale mwachita zonsezi, ipatuleni kwa zinzake ndipo mupite nayo kwa dokotala wa ziweto, chifukwa kusanza mobwerezabwereza ndi chizindikiro chimodzi cha matenda otchedwa Inclusion Body Disease (IBD), amene amagwira njoka za boa ndipo alibe mankhwala.

Za makoswe otola kudzala ndi kuseri kwa msika, amene mwina adya kale tameki, sindifuna n'komwe kuzimvanso. Mnyamata uja ndinamuona ndi maso angawa akuwola masanzi ndi manja, n'kukakhala pa mbale ya nsima osagwira sopo, chonsecho njoka zimasunga tizilombo ta salmonella toyambitsa matenda otsegula m'mimba ndipo m'nyumbamo muli mwana wokwawa.

Ngati simungathe kudikira masiku 14, njokayo ipatseni munthu wodziwa kuisamala. Nkhanza zimenezi zithere pomwepa.