Amene timawatcha Shehe kuno, ku Tanzania ndi ku Mozambique angawatche chiyani?

Kuno ku Chigwa cha Shire Asilamu tilipo ochepa, ndiye munthu akangovala kanzu ndi kofia n'kutsogolera swala ku Nchalo kapena ku Bangula, basi ndi a Shehe. Mawu akuti ulama timangowamvera pa wailesi akamatchula Majlis Ulama, khonsolo ya akatswiri a Chisilamu m'dziko muno. Ulama ndi mawu a Chiarabu, muzu wake ndi ilm, kudziwa. Mmodzi ndi alim, akachuluka ndi ulama. Awa ndi anthu amene adathera zaka pa Qur'an, hadith (zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad) ndi fiqh (malamulo a Chisilamu), oti abale akakanganirana chuma cha masiye amakhala pamphasa n'kugawa mirathi, gawo la mayi wamasiye ndi la ana aakazi osasowa. Pomwe shehe, kumene mawuwa adachokera, ndi munthu wamkulu wolemekezeka, kaya adaphunzira kaya ayi.

A ku Tanzania nkhaniyi adaimangira nyumba. Pa Chiswahili amati wanazuoni, ndipo bungwe lalikulu la Asilamu la BAKWATA, lomwe lidayamba mu 1968, lili ndi Mufti (mkulu wopereka zigamulo za chipembedzo) komanso khonsolo ya maulama. Fatwa, chigamulo cha chipembedzocho, ikatuluka anthu amadziwa khomo lomwe yatulukira. Izi ndimazisirira, ngakhale Asilamu ena kumeneko amadandaula kuti bungwelo lidayandikana kwambiri ndi boma.

Ku Mozambique, kungodutsa pa chipata cha Marka apa, n'zosiyana. Boma la Frelimo litapanikiza zipembedzo pambuyo pa 1975, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudabadwa mabungwe awiri, Conselho Islâmico ndi Congresso Islâmico, osamwerana madzi. Kumpoto, ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique, ulemu uli ndi mashehe a tariqa (magulu a Asilamu otsatira njira ya shehe wawo pa mapemphero) ndi amwalimu a m'madrasa. Ku Maputo mumamvanso maulana, dzina lofala pakati pa amwenye.

Ife tili pakatikati, ndipo chimandiwawa n'chakuti kale sitinali otayirira chonchi. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje adadziwika m'dziko muno chifukwa cha maphunziro awo, ndipo ophunzira awo ankatha kunena kuti kitabu chakuti adawerenga kwa uje. Wophunzitsa ana alifu, be, te pansi pa mtengo kukutentha kwa Okutobala ku Ngabu tizimupatsa ulemu wake wonse ngati mwalimu. Koma za talaka (kutha kwa banja) ndi mirathi, tisanayale mphasa, tiyambe tafunsa kuti bambowa fiqh adaiphunzira kuti, kwa yani.