A ku Zambia amakhotetsa mlatho, ife timavundukula mapepala a 1890

Munthu wa ku Chipata akafuna kukafika ku likulu la dziko lake, ku Lusaka, amayenda makilomita opitirira 550. Kuti afike ku Lilongwe sakwanitsa n'komwe 150. Wa ku Tete ndiye zake n'zomvetsa chisoni: Blantyre ali nayo pakhomo, makilomita 230 basi, pamene Maputo, kumene kuli boma lomulamulira, ili kutali makilomita oposa 1,500. Nafenso tili nazo zathu. Wochokera ku Blantyre akadzera ku Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda amapeza kuti Harare ili pafupi kuposa Karonga, kungoti pa boda pamadya nthawi.

Zoti malirewa anajambula ndi azungu, ambiri mwa iwo osapondako kuno, aliyense anaphunzira ku pulayimale. Ine chimene ndimayang'ana ndi china. Pamene malire anakhota moipa, eni dziko amachitapo chiyani? Tonse anayi, Malawi, Mozambique, Zambia ndi Tanzania, tinalandira zokhotakhota, koma sitizisenza mofanana. Ndinene poyera kuti pa nkhani imeneyi a ku Zambia amatiposa.

Aliyense woyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa kuti kuchokera cha ku Dedza mpaka kuyandikira ku Ntcheu, msewu wa M1 m'malo ambiri ndiwo malire. Basi ikaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, amayi amathamangira m'mawindo ndi mabeseni a kachewere, kabichi, karoti ndi tomato, ndipo palibe amene amafunsa kuti mbatatayo yakumbidwa mbali iti. Wofuna chakumwa amangoyang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka tala, ameneyo walowa m'chigawo cha Tete. Zikwangwani za tsidya ilo n'za Chipwitikizi, koma wogulitsa amakuyankha m'Chichewa chomwechi, alandira kwacha, chenji akupatsanso kwacha.

Zinachitika chonchi chifukwa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linati malire atsate msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawo imatsikira ku nyanja yathu ndi ku Shire, yogwa kumadzulo imadzera m'mitsinje ya ku Angónia mpaka ku Zambezi. Omanga misewu nawo amakonda msana womwewo, poti pamsana sipafunika milatho yambiri. Ndiye msewu ndi malire zinangokumana. Amene sanafunsidwe ndi Angoni a kwa Maseko: Inkosi Gomani ili ku Lizulu, koma phiri la Domwe, kumene makolo awo anakhazikika, linatsalira ku Mozambique. Nkhondo ya pachiweniweni itavuta kumeneko, pakati pa 1977 ndi 1992, anthu oposa miliyoni anathawira kuno, ndipo kwa ambiri a m'derali kuthawako kunali kungowoloka msewu kupita kwa malume. Akuluakulu amakumbukira mabwinja a masitolo otenthedwa amene ankaoneka mbali imodzi yokha ya msewu, mbali inayo minibasi zikuyenda.

Makhalidwe a anzathu a ku Mozambique pa malire amachokera pa kutalika kwa dziko lawo. Likulu linakakhala kunsonga kwenikweni, pafupi ndi South Africa, ndipo chigawo chathu chakummwera chinalowa m'mimba mwawo, n'kulekanitsa Tete ndi Niassa. Motero anthu a m'malire anazolowera kudalira yemwe ali pafupi, osati boma. Chimanga cha ku Milange chimalowa pa Muloza pa njinga zakapalasa. Odwala amawolokera kuzipatala zathu. Ngakhale malasha a ku Moatize, kuti akafike ku doko la dziko lomwelo ku Nacala, sitima imatuluka mu Mozambique, imadutsa m'Malawi kudzera pa Nkaya ndi Liwonde, n'kukalowanso kwawo pa Nayuchi, njanji ya makilomita 912. Pamsewu naponso anatsata oyandikana nawo m'malo motsata mtsamunda: Portugal inasintha mu 1928 kuyamba kuyendetsa galimoto kumanja, Angola imayenda kumanja, koma Mozambique inakhalabe kumanzere monga ife.

Nyengo ndiye siidziwa n'komwe kuti kuli boda. Tete wa mumzinda amawotcha koopsa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, koma m'chigawo chomwecho, ku Tsangano, anthu amalima tirigu ndi kachewere, mu Juni amagona atafunda mabulangete awiri ngati a ku Dedza. Kwathunso ndi chimodzimodzi. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, pamene kumene Shire amatulukira m'dziko muno, kumunsi kwa Nsanje, ndi mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Malo awiriwa satalikirana makilomita 150, koma wina akuotha moto, wina akugona pakhonde. Chiperoni chimene chimanyowetsa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira chimabwera ndi mphepo yochokera kunyanja ya ku Mozambique. Ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatera kufupi ndi Quelimane, koma amene anataya anthu ambiri ndi ife amene tilibe gombe la nyanja yamchere, chifukwa mvula inakakhuthukira pamapiri athu, n'kugumula Soche ndi madera a Mulanje ndi Phalombe.

Panyanja ndi pamene pali nkhani yokoma. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Ukaima ku Likoma umaona mapiri a ku Cobué bwinobwino, osafika makilomita 10, pamene Nkhata Bay ili kutali pafupifupi 70, ulendo wodikira Ilala. Zilumbazi zinakhala zathu chifukwa amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA anali atakhazikikapo kale m'zaka za m'ma 1880, omwe aja anamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter kuyambira 1903. Poyamba malire ndi Apwitikizi anali pagombe la kum'mawa. Mu 1954 Angerezi ndi Apwitikizi anakhala pansi n'kuwasunthira pakati pa nyanja, zilumba ziwirizo n'kuzisiya m'manja mwa Nyasaland. Kuyambira pamenepo sitinakanganepo ndi Mozambique za nyanjayi. Nkhuni ndi katundu wina zimawolokera ku Likoma pamabwato, odwala a tsidya lija amabwera kuchipatala cha pachilumba, moyo ukuyenda.

Ndi Tanzania zinakanika. Pangano la 1890 la Angerezi ndi Ajeremani, lija la Heligoland, linaika malire pagombe la kum'mawa, kutanthauza kuti msodzi wa ku Mbamba Bay akangoponda m'madzi walowa m'Malawi. A ku Tanzania amati ayi, malire akhale pakati, ndipo amaloza pangano la 1954 lija kuti bwanji Apwitikizi munawapatsa. Ife timayankha kuti n'chifukwa chake panalembedwa pangano latsopano, ndipo ndi inu palibe lina lililonse. Timawakumbutsanso kuti mu 1964 ku Cairo, atsogoleri a mu Africa anagwirizana zosunga malire a atsamunda, ndipo amene anabweretsa mfundoyo anali Julius Nyerere yemwe. Pa mapepala, ine ndimaona kuti Malawi ili ndi mfundo yolimba. Koma mapepalawo atipindulira chiyani? Kamuzu anaonjezera moto mu 1968 ponena kuti madera ena a Tanzania ndi Zambia ndi a Malawi. Nkhani inagona zaka zambiri, inadzukanso mu 2012 boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, zokambirana zinaima mu 2014. Asodzi a ku Kyela akuponyabe makoka monga ankachitira agogo awo, mafuta sanatuluke, ndipo mapu a ku Dodoma ndi a ku Lilongwe akusiyanabe.

Ngakhale wotchi sitigwirizana nawo. Ukawoloka mlatho wa Songwe umakankhira ola limodzi kutsogolo, chonsecho Mbeya ili chakumadzulo pang'ono kuposa Lilongwe. Pemba wa ku Mozambique ali kum'mawa kuposa Dar es Salaam, koma amatsata nthawi yathu, moti mu Novembala dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko. Onjezani apo kuti Mswahili amayamba kuwerenga maola kukacha, 7 koloko ya m'mawa iye amati ola loyamba. Wokakwera basi ku Kasumulu afunse kawiri.

Pangano lomwe lija la 1890 ndi limene linapatsanso Ajeremani kachidutswa kowonda ka Caprivi, kamene lero kali m'dziko la Namibia, makilomita pafupifupi 450, kuti akafike pa Zambezi. Ankaganiza kuti azidzayenda pamadzi mpaka kum'mawa, osalabadira kuti kumunsi kwake kuli mathithi a Victoria. Zotsatira zake n'zakuti pa Kazungula mayiko anayi anatsala pang'ono kukumana pamalo amodzi, ndipo malire a Zambia ndi Botswana ndi mamita pafupifupi 150 okha, pakati pa mtsinje. Kwa zaka zambiri malole ankadikira pantoni masiku angapo. A ku Zambia ndi a ku Botswana sanadikire kuti mapu awongoledwe. Anamanga mlatho wa mamita 923, n'kuukhotetsa dala kuti usaponde Zimbabwe kapena Namibia, ndipo unatsegulidwa mu Meyi 2021.

Si koyamba. Zambia ili ndi oyandikana nawo asanu ndi atatu, ilibe doko, ndipo dziko la Congo linalowetsa mwendo pakati pake, kulekanitsa Copperbelt ndi Luapula. Wochokera ku Mufulira kupita ku Mansa akafuna kukhalabe m'dziko lake ayenera kuzungulira makilomita mazanamazana kudzera ku Kapiri Mposhi ndi Serenje. Njira yachidule, ya makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa Mokambo kukafika pa Chembe, ili m'dziko la eni. A ku Zambia anagwirizana ndi a ku Congo, msewuwo amaukonza ndi ndalama zawo ngakhale uli panthaka ya ena, ndipo mu 2008 anatsegula mlatho pa mtsinje wa Luapula. Kalelo Ian Smith atalengeza payekha mu 1965 kuti Rhodesia (Zimbabwe ya lero) yachoka m'manja mwa Angerezi n'kuika njira yakummwera pachiswe, Kaunda anatembenukira kwa Nyerere: paipi ya mafuta ya TAZAMA inatha mu 1968, njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 inatha mu 1975.

Tiyerekeze ndi zathu za ku Nsanje. Maganizo ake sanali opusa: kuchokera pa Nsanje kutsata Shire ndi Zambezi kukafika ku Chinde ndi makilomita osafika 250, ndipo nthawi ya atsamunda katundu wa Nyasaland ankadzera komweko. Koma mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula doko, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, mwini mtsinje wakumunsi kulibe. Chombo chimene chinkayembekezeka kufika tsikulo anachigwira ku Mozambique, eni ake akuti kafukufuku wa zachilengedwe achitike kaye. Tinamanga khola ng'ombe tisanagule. Simenti ija ikadali pomwepo.

Sindikunena kuti a ku Zambia ndi angelo. Njanji yathu inafika ku Mchinji kalekale, koma kachidutswa ka makilomita 27 kokafika ku Chipata kanawatengera kuyambira 1982 mpaka 2010, ndipo chitsegulireni sitima zake n'zowerengeka. Komabe malire athu ndi iwo ndi amene amapweteka pang'ono pa onse. Pa Mwami ndi Mchinji tsopano ofesi ndi imodzi, umadinditsa kamodzi. Mu Ogasiti mafumu a Achewa a mayiko atatu amakakhala pansi ku Mkaika, ku Katete, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe boma limene limaona ngati lalandidwa anthu. Ku Nyika, kumene mu Julayi udzu umayera ndi chisanu ngakhale kuli kufupi ndi equator kuposa Nsanje, kachigawo ka Zambia ka phirilo kalibe msewu wake: wofuna kukafikako pa galimoto amadzera m'Malawi, ndipo msewu wathu wopita ku Chelinda nawo umayenda m'malire momwemo. Palibe amene anaitanitsapo amkhalapakati.

Chodabwitsa n'chakuti ndi Tanzania yemweyo tikudziwa kugwirizana tikafuna. Mtsinje wa Songwe, umene ndi malire athu akumpoto, susunga njira imodzi. Kuchigwa cha kufupi ndi nyanja umakhotakhota, ndipo madzi akasefukira umadula njira yatsopano, munda wa mpunga umene unali ku Karonga n'kupezeka uli ku Kyela, mwini wake osasamuka. Apa maboma awiriwa sanakokane ndi mapu. Anakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwachi, ndi cholinga choti amange damu loletsa kusefukira, lothirira minda ndi kupanga magetsi a mamegawati 180 oti azigawana pakati. Ndalama zomangira damulo ndi zimene akusakabe.