Foni ilibe m'bale, koma inatidula theka ife awiri

Anzanga a xitique yathu (gulu losonkha ndalama n'kumalandira mosinthana) ya pano pa Ulongué mundikhululukire, lero ndiyankhula poyera. Tilipo 12, aliyense amasonkha mametikali 500 pamwezi. Kale posankha woyamba kulandira tinkalemba manambala pa timapepala, kupinda, kuponya m'chipewa, kamwana n'kutola. Chaka chino ena anati chipewa chili ndi chinyengo, tigwiritse ntchito foni poti "foni ilibe m'bale". Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za kompyuta ku Tete, anatikonzera katsamba ndi JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta: ukadina, nambala yatuluka. Tonse kuwomba m'manja.

Ine ndinamupempha andionetse zomwe analembazo. Anatenga Math.random, nachulukitsa ndi 11, napereka kwa Math.round, naonjezera 1. Poyang'ana msanga palibe cholakwika, manambala akutuluka kuyambira 1 mpaka 12.

Koma taonani. Math.random imapereka kachidutswa kuyambira pa 0, kosafika pa 1. Ukachulukitsa ndi 11, Math.round imakankhira ku nambala yathunthu yomwe ili pafupi. Kuti patuluke 5, chilichonse cha pakati pa 4.5 ndi 5.5 chikwanira. Koma 0 munda wake ukuyambira pa 0 n'kuthera pa 0.5 basi, theka la anzake, ndipo 11 naye chimodzimodzi. Ukaonjezera 1 uja, ndiye kuti munthu woyamba ndi wotsiriza pamndandanda ali ndi mwayi umodzi pa 22, pomwe ena onse ali ndi umodzi pa 11. Nambala 1 ndi mayi ogulitsa kachewere kumsika aja. Nambala 12 ndine, ndipo inde, n'chifukwa chake ndinavutikira kufufuza.

Mnyamatayo anakana. Tinauza kompyuta isankhe ka 22,000 n'kuwerenga: ena onse cha m'ma 2,000, ine ndi mayi aja cha m'ma 1,000. Anangogwira pakamwa: "Amalume, mwandigwira." Kukonza kwake sikunatenge ngakhale mphindi: chulukitsa ndi 12, ika Math.floor yomwe imangodula zotsalira, onjezera 1.

Ngakhale atakonza, tisamati foni ikuchita maere. Imachita masamu. Mu Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, Math.random imayendera njira yotchedwa xorshift128+, yomwe imayamba ndi nambala zinazake n'kumazisakaniza, ndipo wodziwa bwino akaona zotuluka zokwanira atha kulosera zotsatira. Pa xitique ya anthu 12 palibe angadzivutitse choncho, koma wolemba za password kapena mpikisano wa ndalama zambiri agwiritse crypto.getRandomValues, yomwe manambala ake ndi ovuta kulosera, ndipo olemba m'chilankhulo china cha PHP ali ndi random_int kuyambira PHP 7 ya mu 2015.

Mwanayo sindikumuimba mlandu, wophunzira aliyense amapunthwa pamenepa. Chondiwawa ndife akuluakulu. Chipewa chija aliyense ankasuzumiramo, kuwerenga timapepala, ngakhale kukakhutumula pamphasa akakayika. Foni itabwera tonse tinangoti zii, ngati yalankhula mfumu, chonsecho mkatimo munali mzere wolembedwa ndi mnyamata amene dzulodzuloli timamutuma mchere.

Ndiye pamsonkhano wa mwezi wamawa, amene akufuna foni abwere nayo, tiyiuze isankhe ka 1,200 tonse tikuona, aliyense aone ngati nambala yake yafika cha m'ma 100. Ine ndibwera ndi chipewa changa, chochapa kale.