Mpheta nazonso ziziwerengedwa

Anzanga okonda zachilengedwe, ndikuona ambiri mwayamba kujambula mbalame, achule ndi agulugufe n'kumaika pa iNaturalist kapena eBird, mapulogalamu a pa intaneti omwe anthu amalembapo zamoyo zomwe aona. Zikundisangalatsa. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti tonse tikuthamangira zachilendo. Kukangomveka kuti kwaoneka mbalame yosowa, chikhamu chonse ulendo komweko, pamene mpheta, njiwa ndi makwangwala omwe timawaona tsiku lililonse palibe wowalemba. Maganizo anga ndi akuti phindu lenileni la kalembera wa zamoyo wochitidwa ndi anthu wamba lili mu ntchito yotopetsayo, yowerenga zomwezomwezo, m'njira yomweyo, chaka ndi chaka.

Ku Krefeld, m'dziko la Germany, kuli gulu la anthu ongokonda tizilombo, ambiri mwa iwo osalembedwa ntchito ya sayansi. Kuyambira 1989 ankatchera misampha ya mtundu umodzi m'malo otetezedwa, n'kumayeza kulemera kwa tizilombo touluka tomwe takodwa. Ndani angaombere m'manja munthu woyeza ntchentche pa sikelo? Koma mu 2017 zotsatira za m'malo 63 zitatuluka, zinaonetsa kuti m'zaka 27 kulemera kwa tizilomboti kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100. Dziko lonse linadzidzimuka. Akanakhala kuti ankangosaka kachilombo kokongola, kutsikaku sikukanaoneka.

Ku North America nakonso n'chimodzimodzi. Kalembera wa mbalame wa nyengo ya Khirisimasi anayamba mu 1900 ndi anthu 27 okha, katswiri wa mbalame Frank Chapman atapempha kuti m'malo mopikisana kuwombera mbalame, anthu aziziwerenga. Mu 2019 akatswiri anaphatikiza kalemberayu ndi ena otere, napeza kuti chiyambire 1970 mbalame zachepa ndi pafupifupi 3 biliyoni. Zambiri mwa zotayikazo zinali zawamba, za mtundu wa mpheta zomwe timaziderera zija.

N'chifukwa chake eBird imakufunsa ngati walemba mbalame zonse zomwe wazindikira kapena wangosankhapo. Ukayankha kuti zonse, ngakhale mbalame yomwe sunaione imasanduka uthenga: unafufuza, kunalibe. Anthu amachita manyazi kutumiza mndandanda wa mitundu itatu yokha. Tumizani basi, osawonjezerapo zongoganizira.

Ena amati munthu wamba amasokoneza mayina a nyama. Inde, zimachitika. Koma kumalo osungirako nyama a Serengeti, ku Tanzania, akatswiri anamangirira makamera 225 odzijambulira okha nyama ikadutsa, ndipo anthu oposa 28,000 pa intaneti anathandiza kutchula zomwe zili m'zithunzizo. Chithunzi chilichonse chinkaonedwa ndi anthu angapo, ndipo yankho la ambiri linkagwirizana ndi la akatswiri pafupifupi ka 97 pa 100. Mutu umodzi susenza denga, koma apa denga linasenzedwa ndithu.

Pamene ndimawatsutsa akatswiri ena ndi apa: amabwera, kuphunzitsa anthu tsiku limodzi, kutolera mafomu, n'kusowa. Wowerenga uja samvanso ngati nyama zikuchuluka kapena zikutha. Ndiye chaka chamawa mumuitane adzabwera? Ku Namibia anachita mwanzeru. M'madera omwe anthu eni ake amasamalira nyama zakutchire, alonda a m'mudzi amalemba m'buku zomwe akumana nazo, kaya ndi njovu zoononga mbewu, misampha, moto kapena nyama zomwe aziona. Bukulo limakhala kwa eni dera, ndipo ziwerengero zake zimathandiza pokambirana kuchuluka kwa nyama zololedwa kusakidwa. Munthu akamaona kuti zolemba zake zikugwira ntchito pamsonkhano wa kwawo, safunika kumukakamiza.

Chenjezo limodzi kwa inu oika zithunzi: mukakumana ndi ngaka kapena chipembere, bisani malo enieni. Opha nyama mozemba nawonso ali ndi mafoni. iNaturalist imabisa yokha malo a mitundu yambiri yomwe ili pachiopsezo, koma Facebook ndi WhatsApp sizingakuchitireni zimenezo.