Emulator si mlandu, koma fulashi yodzaza magemu ija tisamaiyeretse

Nkhani ya magemu akale timaisokoneza kwambiri mu Lilongwe muno. Wina amati zonse ndi umbava, wina amati zonse ndi zaulere poti ndi zakalekale. Onse awiri akulakwa, ndipo amene akupwetekeka ndi mwana amene akanaphunzira kupanga gemu yakeyake.

Anyamata ambiri ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Area 25 ali ndi PPSSPP mu foni. Pulogalamu imeneyi ndi emulator: imachititsa foni ya Android kugwira ntchito ngati PSP ya Sony. Anaiyambitsa ndi Henrik Rydgård wa ku Sweden mu 2012, ndi yaulere, ndipo ili poyera pa Play Store. Mkati mwake mulibe gemu ya munthu. Ndi ntchito ya anthu amene anakhala pansi n'kuphunzira mmene makinawo amagwirira ntchito, n'kulemba zawozawo. Zoterezi zinafikapo kale kukhothi ku America. Sony inasumira kampani ya Connectix chifukwa cha Virtual Game Station, yomwe inkaseweretsa magemu a PlayStation pa kompyuta, ndipo mu 2000 khothi la apilo linati kufufuza makina a mnzako kuti upange chogwirizana nawo n'kololedwa. Zigamulo za ku America sizimanga makhothi athu, koma zikusonyeza kuti eni makinawo analephera kutsimikiza kuti emulator payokha ndi kuba. Ngakhale Apple, yomwe inkakaniza kwa zaka zambiri, inatsegulira ma emulator chitseko pa App Store mu Epulo 2024.

Mudzandiuza za Yuzu, emulator ya Nintendo Switch. Inde, mu Malichi 2024 eni ake anavomera kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Koma mlanduwo unagona pa kuthyola loko wa magemu a Switch, makina amene anali akugulitsidwabe m'mashopu, ndipo anagwirizana kunja woweruza asanagamule.

Pa ROM ndiye tisanamizane. ROM ndi gemu yeniyeniyo, yochotsedwa mu katiriji kapena mu disiki n'kuisandutsa fayilo. Ili ndi mwini wake. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta, ndipo Malawi ali mu mgwirizano wa Berne, kutanthauza kuti ntchito ya munthu wa ku Japan ndi yotetezedwa kunonso. Zija timauzana zoti ukaifufuta pasanathe maola 24 ndiye kuti sunalakwe, kapena zoti kampani ikasiya kugulitsa gemu umwini watha, ndi nkhambakamwa chabe. Banja lina la ku Arizona lomwe linkayendetsa webusaiti yogawa ma ROM ya LoveROMs linavomera kulipira Nintendo madola opitirira 12 miliyoni mu 2018, ndipo chaka chomwecho webusaiti ina ya EmuParadise inachotsa yokha ma ROM ake onse. BIOS, pulogalamu yoyatsira PlayStation 2 imene emulator ya PCSX2 imafuna, nayonso ndi ya Sony.

Amene amandikwiyitsa ndi wogulitsa. Mukapita mtauni cha ku Malangalanga mupeza munthu ali ndi laputopu pa tebulo, mahadi diraivi awiri atalumikiza, akukufunsani kuti mukufuna angati, n'kukuthirirani magemu mu fulashi pamtengo. Sanalembe ngakhale mzere umodzi. Ndi zomwe zija zinagwetsa oimba athu pamene nyimbo zinayamba kukopedwa pa kona iliyonse, munthu watha ndalama zake ku situdiyo koma chimbale chikutuluka lero mawa chili mu memore kadi ya aliyense. Tinadandaula tonse, COSOMA inalankhula mpaka mawu kusasa. Sindingalire nawo woimba wa ku Area 36 kenako n'kuombera m'manja malonda omwewo chifukwa choti woberedwayo ndi Nintendo ya ku Kyoto, ku Japan. Ndipo si magemu onse amene ndi a makampani olemera, ena anapangidwa ndi anthu owerengeka basi.

Komabe mwana amene watsitsa gemu ya 1988 kuti aone zomwe bambo ake ankasewera, ine sindimuika gulu limodzi ndi wogulitsa uja, ngakhale lamulo likuti onse alakwa. Makampani amenewa sanabwerepo kudzatigulitsa ife. Tinakulira pa timakina totsanzira Famicom ya Nintendo, takatiriji tachikasu tolembedwa kuti muli magemu 9999999 pamene ndi Mario, Contra ndi ya akasinja zongobwerezabwereza, ndi kamfuti kapulasitiki kowombera abakha pa TV. Lero ukafuna kulipira mwachilungamo pakufunika khadi ya kubanki yolipira ndi madola, ndipo nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira. Ukaipeza khadiyo, kawirikawiri gemuyo sakugulitsanso. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa 2023 anapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakupezeka pamsika. Chaka chomwecho Nintendo inatseka sitolo yake ya pa intaneti ya 3DS ndi Wii U. Makatiriji amawonongeka, madisiki amakalika. Pakadapanda anthu okopera aja, magemu ambiri bwenzi atatheratu. Apa lamulo latsalira, ndipo ndikufuna lisinthe, lilole malaibulale ndi masukulu kusunga magemu amene eni ake anawasiya, anthu n'kumakasewera komweko monga timawerengera buku ku National Library ku City Centre. Koma kufuna kuti lamulo lisinthe sikutanthauza kuti lasintha kale.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti homebrew timaiponyera mu dzala lomwelo. Homebrew ndi pulogalamu kapena gemu imene munthu wamba walemba yekha kuti izigwira pa makina a kampani ina. Ndi yake, ndipo lamulo lomwe lija limamuteteza iyeyo. Mu 2019 anyamata awiri a Morphcat Games ya ku Germany anatulutsa Micro Mages, gemu yatsopano ya makina akale a Nintendo a NES yokwana makilobaiti 40 okha, n'kuigulitsa pa katiriji komanso ngati ROM. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimaposa pamenepo. Kuli pulogalamu yaulere yotchedwa GB Studio imene munthu amapangira gemu ya Game Boy ngakhale asanadziwe bwino kulemba kodi, ndipo siifuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yakale yogula ku kaunjika wa zamagetsi ikwanitsa. Woipangayo amaiyesa pa emulator yomwe ija makolo ndi aphunzitsi ena akuti ndi ya mbava.

Mwana amene amadziwa kuika Free McBoot pa memore kadi ya PS2 kuti makinawo aziyendetsa homebrew, kapena amene amasintha mayina ndi mayunifomu a matimu mu gemu ya mpira pa foni yake, ali ndi mutu wa ntchito imeneyi kale. Chimene akusowa ndi womuuza kuti luso lomwelo likhoza kubala chinthu chake. Ndikufuna ndidzasewere gemu ya wakabaza akuzemba maminibasi kuchokera ku depoti mpaka ku Bwalo la Njobvu, mawu ake a Chichewa, ndilipire pa Airtel Money kapena Mpamba ndalama ipite kwa mwini wake. Inu a makalabu a kompyuta m'masekondale, yambitsani zimenezi. Muwachenjeze chimodzi chokha anawo: zithunzi, nyimbo ndi mayina zikhale zawo. Milton Guasti wa ku Argentina anatha zaka pafupifupi 10 akupanga AM2R, gemu yabwino zedi, koma poti inali yomangidwa pa Metroid ya Nintendo, kampaniyo inalamula kuti ichotsedwe patangopita masiku ochepa itatuluka mu 2016.