Zambezi ndi wa yani?

Zambezi amayambira pa kasupe kakang'ono m'nkhalango ya ku Ikelenge, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Amakhotera ku Angola, n'kubwereranso, kenako amayenda mpaka kukathira m'nyanja ya mchere ku Mozambique, mtunda woposa makilomita 2,500. Dzina loti Zambia, lomwe dzikolo linatenga mu 1964, linachokera pa mtsinjewu. Alozi a kumadzulo kwa Zambia amautcha Liambai, pomwe a ku Mozambique amati Zambeze. Ngakhale mathithi amene David Livingstone anawatcha Victoria mu 1855 anali kale ndi dzina lawo, Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda.

Ine chondichititsa chidwi ndi momwe aliyense amakhalira ndi madziwa. Alozi salimbana nako kusefukira. Madzi akadzaza chigwa cha Barotse, mfumu yawo Litunga imakwera bwato lalikulu la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga, ng'oma zikulira, opalasa akuimba. Ndiwo mwambo wa Kuomboka umenewo. Kwathu kuno Shire akasefukira ku Chikwawa ndi Nsanje timangomva za misasa ndi maliro.

Zambia ndi Zimbabwe anasankha kudyera mbale imodzi. Damu la Kariba, lomwe linatha kumangidwa mu 1959, amaliyendetsera limodzi kudzera ku Zambezi River Authority, bungwe lomwe chaka chilichonse limagawira mbali zonse ziwiri madzi opangira magetsi. Nzeruyo ndimaiyamikira, ngakhale kuti Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuti nyanjayo ipeze malo. Komanso mbale imodzi ikauma onse amagona ndi njala: chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambirimbiri ku Lusaka ndi ku Harare komwe.

Mozambique yake ndi ina. Damu la Cahora Bassa ku Tete ndi lake lokha, ndipo magetsi ambiri amagulitsa ku South Africa. Khomo lotulukira kunyanja lilinso m'manja mwake.

Apa mpamene Amalawife tinapunthwa. Zambezi sadutsa m'dziko muno, koma Shire wathu amakathira mwa iye. Mu 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje ndi chiyembekezo choti katundu azibwera pamadzi kuchokera kunyanja. Sitima yoyamba yonyamula feteleza akuluakulu a ku Mozambique anaigwira panjira, n'kunena kuti payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe. Mwambo unachitikabe, alendo anabwera, koma sitima ija sinafike pa tsikulo, ndipo dokolo langokhala chipupa cha simenti m'mphepete mwa Shire.