Galimoto ya makilomita 300,000 isakuopseni

Nambala ya pa dashibodi ikangodutsa makilomita 250,000, anthu amayamba kulangiza mwini galimoto kuti aigulitse isanamufere m'manja. Ine sindigwirizana nazo. Nambala ija imangonena mtunda umene galimoto yayenda, sinena mmene yakhala ikusamalidwira. Galimoto yoyenda maulendo ataliatali injini itatentha bwino imatha pang'onopang'ono kusiyana ndi yomwe imalizidwa, kuyenda makilomita atatu, n'kuzimitsidwanso tsiku ndi tsiku, chifukwa zitsulo za m'kati zimaperesana kwambiri mphindi zoyambirira, oyilo asanafike paliponse. Irv Gordon wa ku America anayendetsa Volvo P1800 yake ya 1966 mtunda woposa mamailosi 3 miliyoni, pafupifupi makilomita 5 miliyoni. Injini anaikonzetsapo m'kati, inde, koma galimoto inali yomweyo.

Injini zakale zambiri zimafa ndi kutentha, choncho ndiyambire pomwepo.

M'redieta muzikhala theka coolant (mankhwala amadzi oziziritsa injini), theka madzi a distilled, omwe aja amathiridwa m'batire. Madzi apampopi okhaokha amabweretsa dzimbiri, amatseka timipata ta redieta, ndipo amadya water pump. Coolant wamtundu wakale azisinthidwa pa zaka 2 zilizonse, wa long life amafika zaka 5, koma mitundu iwiriyi musaisakanize. Chivindikiro cha redieta anthu amachipeputsa, chikhalirecho ndicho chimasunga mphamvu ya 0.9 mpaka 1.1 bar m'kati, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imalola madzi kupitirira madigiri 120 osawira. Labala wake akatha, galimoto imawira ngakhale zina zonse zili bwino. Mapaipi a madzi afinyeni ndi dzanja injini itazizira. Paipi yofewa kwambiri, yotupa pafupi ndi chomangira, kapena youma yokhala ndi ming'alu, isintheni lero lomwe.

Pali chizolowezi china chimene chimandipweteka mtima. Galimoto ikayamba kutentha, amakaniko ena amachotsa thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku redieta) n'kunena kuti vuto latha. Musavomere. Thermostat imatseguka pakati pa madigiri 82 ndi 90, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera n'kukhala pomwepo. Ikachotsedwa, injini imayenda yozizira nthawi yaitali, kompyuta imawonjezera petulo, petulo wochulukayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, mphete za mapisitoni n'kumatha. Pomwepo chimene chinayambitsa kutentha chidakalipo: mwina redieta yatsekeka, mwina fani sikuyaka, mwina pampu yatha mapiko.

Muvi wa kutentha ukalowa pofiira, imani pambali ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ngakhale kumene mukupita kwatsala pang'ono. Musatsegule chivindikiro injini isanazizire, nthunzi yake imawotcha koopsa, ndipo musathire madzi ozizira m'injini yotentha. Mutu wa injini wa aluminiyamu umapindika msanga, head gasket (gasiketi yotseka mpata pakati pa mutuwo ndi thupi la injini) n'kupsa. Mudzazindikira kuti yapsa mukaona utsi woyera wochindikala umene sukutha injini itatentha, madzi akuchepa popanda podontha, thovu likutuluka m'redieta, kapena oyilo wasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka.

Tsopano oyilo. Wa mineral musinthe pa makilomita 5,000, wa synthetic angafike 10,000, ndipo fyuluta izisinthidwa limodzi nthawi zonse. Ngati galimoto imayenda pang'ono, sinthanibe kamodzi pachaka, poti oyilo amawonongeka ndi chinyezi ngakhale galimoto itangoima. Muziyeza mlungu uliwonse pamalo osapendekeka, patatha mphindi 10 mutazimitsa injini. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchoka pa mzere wapansi wa choyezera kufika wapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Injini yakale yomwa lita imodzi pa makilomita 3,000 ingayende zaka zambiri bola muziwonjezera. Koma nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, dziwani kuti ikunena za mphamvu yokankha oyilo, ndipo ikachepa ma bearing amayenda ouma. Mphindi zochepa zokha, injini yanoka.

Ambiri amathamangira oyilo wolemera poganiza kuti atseka mipata. Kuchoka pa 5W-30 kupita pa 10W-40 (manambala osonyeza kulemera kwa oyilo) n'komveka ngati buku la galimoto likulola. Kulumphira pa 20W-50 mu injini yokhala ndi VVT (kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira ma valve pogwiritsa ntchito oyilo) n'kuipweteka, chifukwa timipata take n'tating'ono ndipo oyilo wolemera amachedwa kufika kumwamba injini ikangolizidwa. Musanagule ma seal (malabala otchinga oyilo) atsopano chifukwa cha kudontha, yang'anani PCV valve. Kachipangizo kakang'ono kameneka kamatulutsa mpweya wounjikana m'injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo kutulukira m'ma seal ndi m'magasiketi, ndipo mungasinthe ma seal kawiri katatu kudontha osatha.

Utsi wabuluu nawonso musathamangire kuphwasula injini. Ukamatuluka pongoliza m'mawa n'kutha, kawirikawiri ndi ma valve stem seal amene auma, ntchito yocheperapo. Ukamatuluka poponda moto pa chitunda, ganizirani mphete. Compression test, kuyeza mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda iliyonse, imathetsa mkangano: masilinda onse asasiyane kupitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsika, thiranimo supuni yaing'ono ya oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, ndi mphete. Ikakhala pomwepo, ndi ma valve kapena gasiketi. Utsi wakuda umasonyeza kuti injini ikulandira mafuta ochuluka, yambani ndi fyuluta ya mpweya ndi masensa.

Timing belt, lamba amene amagwirizanitsa kuyenda kwa ma valve ndi mapisitoni, ndi chinthu chosachenjeza. Magalimoto ambiri amafuna lamba ameneyu asinthidwe cha pa makilomita 90,000 mpaka 100,000 kapena zaka 5, chimene chayamba kukwana, koma onani buku la galimoto yanu poti zimasiyana. M'injini zambiri lamba akaduka, ma valve amaima ali otseguka, mapisitoni n'kuwamenya n'kuwapinda. Ngati mwagula galimoto ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, muyeseni wakale. Posintha, sinthaninso tensioner (chokungira lamba) ndi ma pulley, komanso water pump ngati imayendetsedwa ndi lamba yemweyo, chifukwa bearing yakale ikagwira imadula lamba watsopano. Injini zokhala ndi tcheni m'malo mwa lamba zilibe nthawi yoikika yosinthira, koma tcheni chikamachita phokoso polizidwa m'mawa, chatalika chifukwa cha kutha kapena tensioner yafooka, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi oyilo wokhalitsa.

Giyabokosi ya otomatiki imafuna oyilo wake asinthidwe cha pa makilomita 40,000 mpaka 60,000, wamtundu weniweni umene wopanga analemba. Ngati sanasinthidwepo kwa nthawi yaitali, musalole kutsuka ndi makina okankha mwamphamvu. Khuthulani wa m'poto yekha, amene amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, thirani watsopano, yendani makilomita 1,000, mubwerezenso. Oyilo wakuda wonunkha kupserera akusonyeza kuti ma clutch a m'kati atha kale.

Zina ndidutsemo mwachangu. Brake fluid wa DOT 3 kapena DOT 4 amamwa chinyezi, ndiye asinthidwe pa zaka 2, apo ayi amawira pa mtsetse wautali, buleki n'kulowa pansi. Mapadi a mabuleki akatsala mamilimita 3 achoke. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali: 2319 ndiye kuti sabata la 23 m'chaka cha 2019, ndipo tayala lopitirira zaka 6 liziyang'anitsitsidwa ming'alu ngakhale mano ake akadalipo. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndi 13.8 mpaka 14.4 ikulira. Mavuto ambiri odabwitsa a magetsi m'galimoto yakale amachokera pa waya wa earth wochita dzimbiri pamene wamangidwa ku bodi ndi ku injini, choncho palani pamenepo musanagule alternator. Labala wa CV joint (polumikizira chitsulo chozunguza tayala) akang'ambika, girizi amatuluka, mchenga n'kulowa. Mukasintha labalayo msanga mwapulumutsa joint, mukadikira kumva kuti tya-tya-tya pokhota, joint yapita.

Nanga za kuikonda galimoto yotere? Ena amati n'kupusa kukonda chitsulo. Ine ndimaona kuti chikondicho chili ndi phindu lenileni. Munthu amene wakhala ndi galimoto zaka zambiri amadziwa kulira kwake. Amamva chiwongolero chikayamba kunjenjemera pang'ono, amadziwa pamene muvi wa kutentha umaima masiku onse, amanunkhiza coolant asanaone dontho. Makaniko wodziwa bwanji sangakhale ndi khutu limenelo pa galimoto imene waiona lero. Ndipo mbali zimene munasintha kale mukuzidziwa, pamene galimoto ina yogwiritsidwapo ntchito imene mungagule m'malo mwake imabwera ndi mbiri yobisika. Lembani zonse m'kabuku: tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, ndi mtundu wa sipeya. Pa zinthu monga lamba, pampu, thermostat ndi masensa, gulani zenizeni za wopanga galimoto kapena za kampani yodziwika. Sipeya yachinyengo pa malo amenewa imatengera injini yonse kumanda.

Poyeza ngati kukonza kuli koyenera, anthu amafanizira mtengo wokonzera ndi mtengo umene galimotoyo ingagulidwe. Ine ndimati fanizirani ndi ndalama zimene mungawononge kuti mupeze ina yodalirika mofanana. Injini imakonzeka, giyabokosi imapezeka ina, ma bush ndi ma shock ndi zosintha chabe.

Pamene chikondi chiyenera kugonja ndi pa dzimbiri la m'mafupa a galimoto. Dzimbiri la pa chitseko kapena pa boneti ndi la maonekedwe. Koma likadya chassis, zitsulo za m'munsi mwa zitseko, pomangirira ma shock, subframe, kapena pomangirira malamba a pa mpando, galimotoyo singatetezenso anthu pa ngozi, ndipo kumata phala pamwamba kumangobisa. Kamodzi pachaka ikwezeni, mugogode malo amenewa ndi sikuludiraiva. Chitsulo chabwino chimalira mokoma, chodyeka chimalira mogontha kapena kubooka. Muyang'anenso mapaipi achitsulo a mabuleki amene amadutsa pansi, makamaka pamene agwiridwa ndi timakilipu, poti matope amakhala pamenepo. Tsegulani timabowo totulutsira madzi pansi pa zitseko ndi pansi pa galasi lakutsogolo, ndipo kapeti akanyowa mufufuze polowera madzi tsiku lomwelo, chifukwa pansi pa galimoto pamayamba kuola kuchokera m'kati.